Chipata ndi khonsolo yake: mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri

Mafunso ali pansipa ndi amene amabwerabwera pa misonkhano ya m'mawodi, pa mzere wolipira mareti, pamaliro, ngakhale m'galimoto zopita ku Mwami. Ena amafunsa ndi ana asukulu, ena ndi akuluakulu amene agula puloti ndipo mtima suli m'malo. Tayamba ndi mbiri, chifukwa mikangano yambiri ya lero, makamaka ya malo, mizu yake ili kumeneko. M'tauni ambiri amati "kanso", koma pano tizilemba kuti khonsolo.

Kodi dzina lakuti Chipata linachokera kuti?

Aliyense amene analowapo m'tauni muno kuchokera ku Lusaka anaona yekha kuti msewu umadutsa pampata wa mapiri, kenaka tauni n'kuonekera m'chigwa. Dzinali likunena za mpata umenewo, khomo lolowera pakati pa mapiri. Pa nthawi ya atsamunda tauniyi inkatchedwa Fort Jameson, kutengera dzina la Leander Starr Jameson, mnzake wa Cecil Rhodes. Dzina lakuti Chipata linakhazikitsidwa patapita zaka zochepa chilandirireni ufulu mu 1964, nthawi imene matauni ena anasinthanso maina: Broken Hill inakhala Kabwe, Abercorn inakhala Mbala, Fort Rosebery inakhala Mansa.

Azungu asanabwere, kunkakhala ndani kuno?

Eni nthaka akalekale ndi Achewa, pansi pa ufumu wa Undi ndi mafumu ena monga Mkanda. Kumadzulo kunali Ansenga, ndipo kuchigwa cha Luangwa kunali Akunda. Angoni anabwera pambuyo. Anachokera kum'mwera kwa Africa motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo anawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku limene kunachitika kadamsana. Zwangendaba atamwalira ku dziko la Afipa, kufupi ndi nyanja ya Tanganyika, mtundu unagawikana. Mwana wake Mpezeni anabwerera chakum'mwera ndi gulu lake, anakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga, kenaka cha m'ma 1870 anadzakhazikika m'mapiri ozungulira pamene pali Chipata lero.

Kukhala kwawo pakati pa Ansenga n'kumene kunasintha chilankhulo. Anakwatira akazi a Chinsenga ndi a Chichewa, ana n'kumakula ndi chilankhulo cha amayi awo. N'chifukwa chake Mngoni wa ku Feni kapena ku Mtenguleni lero salankhula ngati Mzulu, ngakhale kuti nyimbo za ingoma ndi mawu otamanda mfumu zinasungabe chilankhulo chakale.

Mitundu iwiriyi imasiyana pa nkhani ya banja: Angoni mwana ndi wa kwa bambo, pamene kwa Achewa mwana ndi wa kwa mayi ndipo mwini mbumba ndi malume. Tikutchula zimenezi chifukwa zimadzatulukira pa milandu ya minda ndi ya chuma chamasiye, ngakhale m'tauni momwe.

Nkhondo ya 1898 inayamba bwanji, ndipo inasintha chiyani?

Mzungu wina wa ku Germany, Carl Wiese, amene ankachita malonda a minyanga, anapalana ubwenzi ndi Mpezeni ndipo ankanena kuti anapatsidwa chilolezo pa dziko lalikulu. Pepala limenelo linadzafika m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration Company, imene inakhazikitsidwa mu 1895. Ku London kunali mbiri yakuti m'dziko la Mpezeni muli golide wambiri. Anthu a kampani atayamba kuyendayenda m'dzikomo ndi kumanga malinga, achinyamata a Chingoni, motsogozedwa ndi Nsingo mwana wa Mpezeni, anaona kuti dziko likupita.

Mu Januwale 1898 asilikali a atsamunda anabwera kuchokera ku Nyasaland ndi mfuti za Maxim ndi mizinga. Mikondo ndi zishango sizikanatha kulimbana ndi zida zotere. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, Nsingo anagwidwa ndi kuwomberedwa mu Febuluwale chaka chomwecho. Mpezeni anadzipereka, anasungidwa ku Fort Manning, kumene lero ndi ku Mchinji, ndipo atabwerera anamwalira mu 1900. Golide amene ankamufunayo sanapezeke mochuluka monga ankayembekezera.

Tauni ya Fort Jameson inabadwa pa phulusa la nkhondo imeneyi. Nc'wala, mwambo wa Angoni wa mbewu zoyamba kucha, inaleka kuchitika kwa zaka zoposa 80, mpaka pamene inatsitsimutsidwa mu 1980. Pamene impi zikuvina ku Mtenguleni Loweruka lomaliza la Febuluwale, ndi bwino ana athu azidziwa kuti mwambowu unachita kubwezedwa, sunangopitirira wokha. Kulamba kwa Achewa ku Mkaika nakonso kunaletsedwa ndi atsamunda ndipo kunayambiranso mu 1984.

Kodi n'zoona kuti tauni ino inakhalapo likulu la dziko?

N'zoona, koma osati la Zambia yonse. Kampani ya Rhodes, British South Africa Company, inkalamulira dera lino ngati dziko palokha lotchedwa North-Eastern Rhodesia. Poyamba ofesi yake inali ku Blantyre, ndipo Robert Codrington anaisamutsira ku Fort Jameson mu 1899. Kuyambira pamenepo mpaka 1911, malamulo okhudza anthu a ku Kasama, Mbala ndi Mansa ankachokera kuno. Mu 1911 dera lino linaphatikizidwa ndi North-Western Rhodesia kupanga Northern Rhodesia, likulu n'kukhala Livingstone. Lusaka inadzakhala likulu mu 1935.

Masiku amenewo maso a tauniyi ankayang'ana kum'mawa. Katundu, makalata ndi anthu zinkadzera ku Nyasaland ndi ku Tete, chifukwa kupita kumadzulo kunali kuwoloka Luangwa ndi kukwera mapiri. Mpaka lero Lilongwe ili pafupi kwambiri kuposa Lusaka, imene ili pa mtunda woposa makilomita 550. Mlatho wa Luangwa umene timadutsa panowu unamangidwa mu 1968.

Nanga Amwenye ndi amishoni anabwera liti?

Amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku Orange Free State anatsegula Magwero mu 1899, kenaka Madzimoyo mu 1903. Ansembe a White Fathers anatsegula Kachebere kumalire mu 1903. Amalonda a ku Gujarat anayamba kufika cha m'ma 1905 kudzera ku Nyasaland, ndipo masitolo a ku Down Shops ndi mizikiti ya m'tauni ndi zipatso za mbiri imeneyo. Tauni ya atsamunda inali yogawidwa: azungu kwawo, Amwenye kwawo, anthu akuda kukomboni. Mukayang'ana kumene kuli misewu yotakata ndi mapuloti aakulu, ndi kumene nyumba zinathithikana, muona kuti mizere ija sinafafanizike yonse.

N'chifukwa chiyani nkhani ya malo imavuta chonchi kuzungulira Chipata?

Funso limeneli ndilo mutu wa zonse. Nkhondo itatha, kampani ya North Charterland inatengedwa ngati mwini wa dera lalikulu masikweya mailosi 10,000, kuyambira kuno kukafika cha ku Petauke. Nthaka yabwino yozungulira tauni inadulidwa kukhala mafamu a azungu, poyamba a ng'ombe ndi thonje, kenaka a fodya. Eni dziko anakankhidwira m'madera otchedwa marizevu, amene anakhazikitsidwa mwalamulo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. M'marizevu anthu anapanikizana, nthaka inaguga ndi kukokoloka. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ndipo amuna ambiri anayenda pansi kupita ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia. Palibe banja la kuno limene lilibe nkhani ya agogo amene anapita ku Halale, ena osabwerako.

Mtengo wa fodya utagwa mu 1928, azungu ambiri anasiya mafamu awo ali gonere, pamene anthu m'marizevu akusowa polima. Mu 1941 boma la atsamunda linagula gawo lalikulu la malo a kampaniyo n'kuyamba kusamutsirako midzi. Koma mafamu amene anali kale ndi mapepala anakhalabe m'kaundula wa boma.

Zotsatira zake ndi zimene tikuona lero. Pali malo a boma, amene ndi tauni yakale ndi mafamu aja, ndipo pali malo a mafumu, amene anali marizevu. Awiriwa analowana ngati zala za manja awiri. Tauni ikamakula imagunda famu ya munthu mbali ino, mudzi wa mfumu mbali inayo. Munthu angathe kuima pamalo amodzi, anyakwawa n'kunena kuti ndi pa makolo awo, khonsolo n'kunena kuti ndi m'malire a tauni, wina n'kutulutsa taitulo ya famu. Nthawi zina onse atatu amanena zimene akukhulupirira ndi mtima wonse. Zoyenera kuchita musanagule tazifotokoza pa funso la puloti.

Chipata inakhala mzinda liti, ndipo chinasintha n'chiyani?

Pulezidenti Edgar Lungu analengeza kuti Chipata ndi mzinda pa 24 Febuluwale 2017, mawa lake kuli Nc'wala. Inakhala mzinda wachisanu, kutsatira Lusaka, Ndola, Kitwe ndi Livingstone. Chipata Municipal Council inasanduka Chipata City Council.

M'Zambia makhonsolo alipo a mitundu itatu: a mzinda, a manisipo ndi a tauni. Ntchito zawo m'malamulo n'zofanana kwambiri. Dzina lakuti mzinda silibwera ndi thumba la ndalama, ndipo amene ankayembekeza kuti phula lifika m'makomboni chaka chomwecho anakhumudwa. Chimene dzinali limachita n'kukweza muyezo umene tiyenera kuyezera khonsolo yathu. Ngati ndife mzinda, ngalande za ku Mchini ndi ku Nabvutika ziyenera kukhala za mumzinda.

Kodi Chipangali ndi Kasenengwa zikadali pansi pa Chipata?

Ayi. Mu 2018 madera awiriwa anakhala maboma paokha, lililonse ndi khonsolo yake ndi DC (District Commissioner) wake. Ngati munda kapena sitolo yanu ili kumeneko, laisensi ndi zilolezo muzikatenga ku khonsolo ya kumeneko. Ngakhale boma la Chipata linachepa chotere, kalembera wa 2022 anapeza kuti muli anthu oposa 300,000.

Khonsolo ndi ndani kwenikweni: a meya, makhansala kapena ogwira ntchito ku Civic Centre?

Anthu akamati "a khonsolo abwera" amatanthauza aliyense, kuyambira wotolera ndalama pamsika mpaka a meya. Koma pali magulu awiri osiyana.

Gulu loyamba ndi la osankhidwa. Boma linagawidwa m'mawodi, ndipo wodi iliyonse imasankha khansala mmodzi. A meya amasankhidwa ndi anthu a boma lonse. Zimenezi zinayamba ndi malamulo aakulu a dziko amene anakonzedwa mu 2016. Kale makhansala ankasankha meya pakati pawo, ndipo mpando unkasintha kawirikawiri. Wachiwiri kwa meya yekha ndiye amasankhidwabe ndi makhansala anzake. Chisankho chimachitika pamodzi ndi cha pulezidenti ndi aphungu, Lachinayi lachiwiri la Ogasiti, zaka zisanu zilizonse. Gulu limeneli ndilo limapanga mfundo, kuvomereza bajeti ndi kukhazikitsa malamulo a m'tauni.

Gulu lachiwiri ndi la olembedwa ntchito: mainjiniya, oona za mapulani, azaumoyo, owerengera ndalama, ozimitsa moto ndi apolisi a khonsolo. Mkulu wawo ndi Town Clerk, ndipo m'makhonsolo a tauni monga Katete kapena Chadiza amatchedwa Council Secretary. Akuluakulu amenewa salembedwa ndi a meya, amalembedwa ndi kusamutsidwa ndi bungwe la Local Government Service Commission.

Kusiyana kumeneku n'kofunika kukudziwa. A khansala sasaina chilolezo chomangira nyumba, sapereka laisensi, sagawa mapuloti. Ntchito yawo n'kutenga mavuto a wodi kupita nawo kumsonkhano ndi kufunsa ogwira ntchito chifukwa chimene zogwirizana sizinachitike. Ifenso timawalakwira pamene tiwayeza ndi matumba a ufa amene abweretsa pamaliro, m'malo mowafunsa zimene analankhula m'komiti.

Wamkulu ndani, a DC kapena a meya?

Palibe amene ali pansi pa mnzake. A DC amasankhidwa ndi boma lalikulu ndipo amayang'anira nthambi za boma zimene zili m'boma lino, komanso zinthu monga thandizo pa nthawi ya njala kapena kusefukira kwa madzi. A meya amasankhidwa ndi inu ndipo amatsogolera khonsolo. Popeza Chipata ndi likulu la chigawo cha Kum'mawa, mulinso nduna ya chigawo ndi Permanent Secretary, amene amayang'anira maboma onse a chigawochi. Mukapita ndi nkhani ya puloti kwa a DC angathe kukumverani, koma pomaliza adzakutumizani ku khonsolo kapena ku Unduna wa Malo.

Kodi makhonsolo akhala akuyenda chonchi kuyambira kale?

Ayi, asintha kangapo. Pa nthawi ya atsamunda tauni inkayendetsedwa ndi bungwe limene mawu aakulu anali a azungu, pamene kumidzi kunali ma Native Authority a mafumu, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1929 pamodzi ndi makhoti awo, ndipo pambuyo pake anapatsidwa matumba awo a msonkho. Lamulo la 1965 linathetsa zimenezo n'kubweretsa makhonsolo osankhidwa ndi anthu onse, a m'tauni ndi a kumidzi.

Mu 1980, pa nthawi ya chipani chimodzi, kunabwera lamulo limene linaphatikiza khonsolo ndi chipani cha UNIP. Wapampando anali District Governor wosankhidwa ndi pulezidenti, ndipo makhansala ankasankhidwa ndi mamembala a chipani okha. Akuluakulu ambiri akukumbukira nthawi imene tcheyamani wa chipani m'komboni ankatha kuloza munthu pomanga nyumba. Chizolowezi chimenecho sichinafe ndi lamulolo, ndipo ndicho chimabala mavuto ena a mapuloti mpaka lero.

Lamulo la 1991 linalekanitsa chipani ndi khonsolo, ndipo chisankho cha makhansala cha zipani zambiri chinachitika mu 1992. Koma zaka zotsatira zinali zowawa kwa makhonsolo m'dziko lonse. Mu 1996 nyumba za khonsolo zinagulitsidwa kwa okhalamo pa mitengo yotsika. Mabanja ambiri anapeza nyumba zawozawo, chimene chinali chabwino, koma lendi imene inkayendetsa makhonsolo inathera pomwepo. Ntchito ya madzi inapita ku makampani, ndipo msonkho wa mbewu unathetsedwa mu 2009. Lamulo limene likugwira ntchito tsopano ndi Local Government Act ya 2019.

Mafumu ali ndi mbali yanji m'khonsolo?

Malamulo a 2016 amalola mafumu osapitirira atatu, osankhidwa ndi mafumu anzawo a m'bomalo, kukhala m'khonsolo. Mphamvu yawo yeniyeni ili pa malo a makolo. Kumeneko anyakwawa ndi amfumu ndiwo amagawa minda ndi malo omanga, ndipo malo otere sangasandutsidwe a taitulo popanda chilolezo cholembedwa cha amfumu. Pa Angoni pali Inkosi ya Makosi Mpezeni ndi mafumu ake monga Nzamane, Madzimawe, Maguya, Kapatamoyo ndi Chinyaku, ndipo pa Achewa pali Kalonga Gawa Undi. Tauni ikafuna kukula kulowa m'dziko la mfumu, khonsolo iyenera kupita kukakhala pansi ndi eni ake, monga mwa ulemu wake. Kumene zimenezi zinachitika mwachidule, ana ndi adzukulu ndiwo amadzatsala ndi milandu.

Khonsolo imapeza kuti ndalama?

Za iyo yokha zimachokera ku mareti a nyumba ndi masitolo, malaisensi a malonda ndi a mowa, zolipira m'misika ndi pa masiteshoni a basi, zilolezo za mapulani, zikwangwani zotsatsa malonda, ndi msonkho wa munthu aliyense wogwira ntchito, umene supitirira K15 pachaka. Kuchokera ku boma lalikulu kumabwera thumba la Local Government Equalisation Fund, limene linayamba mu 2015, ndipo gawo lina la ndalamazo liyenera kupita ku zomangamanga, osati ku malipiro okha.

Mareti amawerengedwa potengera mtengo wa nyumba yanu monga walembedwera m'buku la mitengo ya nyumba. Bukuli likakonzedwa latsopano limaikidwa poyera kuti eni nyumba alione, ndipo pamakhala nthawi yodandaula. Ambiri sapita kukaona, amadzadzidzimuka bilu itafika. Musasokoneze mareti ndi lendi ya nthaka: mareti ndi a khonsolo, pamene lendi ya nthaka imapita ku Unduna wa Malo kwa amene ali ndi taitulo.

Pali mawu amene timamva tsiku ndi tsiku: "Ndilipirenji pamene msewu wathu sunaonepo giredala?" Khonsolo nayo imati ilibe mafuta a giredala chifukwa anthu salipira. Maganizo athu ndi akuti lipirani, tengani lisiti yeniyeni, muisunge, kenaka mukafunse ndi mphamvu. Munthu wa lisiti m'manja amalankhula mosaopa.

Nanga CDF ndi ndalama za aphungu?

Ayi, ndi ndalama za boma, zochokera ku misonkho ya tonsefe. Thumbali, Constituency Development Fund, ndi la chitukuko cha dera la phungu, ndipo linayamba mu 1995. Kwa zaka zambiri linali laling'ono, koma mu 2022 linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo lakhala likukwerabe: mu 2025 linali K36.1 miliyoni. Ndalamazi zimasungidwa ndi kulipiridwa kudzera ku khonsolo. Zimagawidwa patatu: zitukuko za m'dera monga makalasi, madesiki, zipatala zazing'ono ndi mijigo, ngongole ndi thandizo kwa magulu a amayi, achinyamata ndi makopaletivu, ndi mabasare a ana a ku sekondale zogonera komweko ndi a maphunziro a ntchito zamanja.

Khomo lolowera ndi Ward Development Committee. Wodi iliyonse inagawidwa m'mazoni, ndipo anthu a m'zoni amasankha owaimira m'komitiyi. Pempho limayambira kumeneko, kenaka limapita ku komiti ya CDF ya dera lonse, mmene muli aphungu, makhansala ena, oimira mafumu, mipingo ndi anthu wamba. Fomu salipiritsa. Ngati simudziwa amene akuimira zoni yanu, yambani ndi kufunsa zimenezo, chifukwa mndandanda wa zitukuko umalembedwa ndi amene anabwera kumsonkhano.

Ndikufuna puloti. Ndiyambire pati kuti ndisabedwe?

Choyamba dziwani kuti pansi pa lamulo la malo la 1995, nthaka yonse ya Zambia ili m'manja mwa pulezidenti m'malo mwa anthu onse. Chimene munthu amapatsidwa ndi lendi ya zaka 99, ndipo amene amapereka ndi Commissioner of Lands. Khonsolo ndi mtumiki chabe wa ofesi imeneyo. Choncho funso loyamba pa puloti iliyonse ndi lakuti: kodi ili pa malo a boma kapena a mafumu? Chifukwa chake tafotokoza pa funso la malo pamwambapa.

Ngati ndi mapuloti atsopano a khonsolo, amalengezedwa poyera. Mumalemba fomu, mumalipira ku ofesi kapena kubanki n'kulandira lisiti, mumaitanidwa kukafunsidwa mafunso, ndipo maina amavomerezedwa ndi msonkhano wa khonsolo yonse. Kenaka khonsolo imatumiza maina kwa Commissioner of Lands, amene amatulutsa kalata yokupatsani malowo. Pambuyo pake pamabwera kupima, mabikoni ndi taitulo. Kalata ya khonsolo yokha si taitulo.

Ngati mukugula kwa munthu amene ali ndi taitulo, pitani ku Unduna wa Malo mukafufuze ngati dzina lili m'kaundula ndi la amene akukugulitsaniyo, ndiponso ngati malowo sanaikidwe chikole kubanki. Pafunikanso chilolezo cha boma chosinthira umwini ndi msonkho wa ku ZRA. Ngati mwini wake anamwalira, onani mapepala a woyang'anira chuma chamasiye, ndipo mufunse ngati ana ndi amayi a m'nyumbamo akudziwa.

Ngati ndi malo a mafumu, kalata ya anyakwawa imakupatsani ufulu wokhala ndi kulima monga mwa mwambo, koma banki siilandira. Kuti pakhale taitulo pafunika chilolezo cha amfumu, kuvomereza kwa khonsolo, kenaka Commissioner of Lands. Musanapereke ndalama, pitani pamalopo masana, mulankhule ndi oyandikana nawo mbali zonse. Amayi amene akhala pamenepo zaka makumi atatu adzakuuzani zimene wogulitsa sanganene. Safunsa anadya phula.

Ndipo pali malo amene simuyenera kugula ngakhale mtengo utatsika bwanji: m'mphepete mwa mitsinje ndi madamu, pansi pa mawaya aakulu a magetsi, m'malire a msewu, ndi m'mapiri otsetsereka. Mapiri a Chipata akametedwa mitengo n'kukumbidwa maziko, madzi a mvula amatsika ndi miyala ndi mchenga kukagwera anzathu a kumunsi. Pomaliza, musayambe maziko pulani isanavomerezedwe ndi khonsolo.

Nyumba yanga ili m'komboni ndipo ndilibe taitulo. Kodi ndili ndi chitetezo?

Zimadalira ngati komboniyo inavomerezedwa mwalamulo. Lamulo la mapulani a matauni la 2015 limalola khonsolo kulengeza komboni kuti ndi dera loyenera kukonzedwa, ndipo okhalamo amapatsidwa chikalata chotchedwa occupancy licence, cha zaka 30, chimene chimatha kuwonjezedwa. Si taitulo ya zaka 99, koma ndi umboni wa boma wakuti nyumbayo ndi yanu, ndipo chimathandiza kwambiri mwini nyumba akamwalira. Funsani ku nthambi ya mapulani kapena ya nyumba za anthu ku khonsolo. Amayi, onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa pamodzi ndi la abambo ngati nyumbayo munamanga awiri.

Madzi, magetsi, misewu ndi zinyalala: ndani ayenera kuyankha?

Madzi a m'mipope ndi a Eastern Water and Sanitation Company, imene imatunga ku madamu a Lutembwe. Eni kampaniyi ndi makhonsolo a chigawo chino, koma imadziyendetsa yokha, ndipo woiyang'anira ndi NWASCO, bungwe la boma loyang'anira makampani a madzi. Magetsi ndi a ZESCO. Msewu waukulu wa Great East Road ndi ina yolumikiza maboma ili pansi pa Road Development Agency, pamene misewu ya m'makomboni, ngalande ndi magetsi a mumsewu ndi za khonsolo. Zinyalala, manda, kuzimitsa moto, kuyendera malo ophikira ndi ophera nyama, ndi ukwati wa ku boma, zonsezi ndi za khonsolo. Chitupa cha NRC ndi cha kubadwa si za khonsolo, zimatengedwa ku ofesi ya kalembera wa dziko.

Pa zinyalala tinene mosabisa: khonsolo ili ndi udindo wotola, koma botolo limene latseka ngalande linaponyedwa ndi dzanja la munthu. Mvula yoyamba ikagwa, zonse zimene tinataya m'chilimwe zimatibwerera pakhomo, ndipo kolera safunsa kuti wolakwa ndani.

Ndani ayenera kutolera ndalama pamsika ndi pa siteshoni?

Lamulo la misika ndi masiteshoni a basi la 2007 limaika malo amenewa m'manja mwa khonsolo kapena bodi yokhazikitsidwa mwalamulo. Ku Kapata, ku Saturday Market kapena kwina kulikonse, wotolera ayenera kukhala ndi chizindikiro cha ntchito ndi kupereka lisiti ya khonsolo. Chipani chilichonse, cholamula kapena chotsutsa, chilibe gawo pa ndalama ya mayi wogulitsa tomato.

Kodi munthu wamba angalowe mumsonkhano wa khonsolo? Nanga dandaulo ndipite nalo kuti?

Angalowe. Msonkhano wa khonsolo yonse umachitika kosachepera kamodzi pa miyezi itatu, ndipo ndi wotseguka kwa anthu, kupatula pamene pakukambidwa nkhani zachinsinsi monga za wogwira ntchito. Simuloledwa kulankhula kapena kuvota, koma mumamva ndi makutu anu zimene a khansala anu anena, kapena ngati anangokhala chete. Chakumapeto kwa chaka, bajeti isanavomerezedwe, pamakhala misonkhano yomva maganizo a anthu. Imeneyo ndiyo nthawi yonena za mlatho wa kwanu, osati mu Febuluwale madzi atautenga kale.

Dandaulo liyambire kwa a khansala ndi ku Ward Development Committee. Zikakanika, lembani kalata kwa Town Clerk, mupange makope awiri, imodzi adinde chidindo cha tsiku n'kukubwezerani. Mukakhala angapo a m'dera limodzi, sainani nonse ndi kutchula malo enieni ndi tsiku limene vuto linayamba. Nkhani ya mareti ili ndi bwalo lake, Rating Valuation Tribunal, ndipo mikangano ya malo imapita ku Lands Tribunal kapena kukhoti. Ngati ofesi ya boma yakuchedwetsani kapena kukuchitirani mosalungama pali Public Protector, ndipo wina akakupemphani ya fanta kuti fayilo yanu iyende, nkhaniyo ndi ya Anti-Corruption Commission, imene ili ndi ofesi m'Chipata momwe muno.